Nyimbo za a Alick Nkhata zilire pamene mitengo ikuphuka, osati pamaliro pokha

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi ana athu amene amasankha nyimbo m'nyumba zoulutsira mawu kuno kum'mawa kwa Zambia, kuyambira ku Nyimba, Petauke, Katete, Chadiza, kuno ku Chipata mpaka ku Lundazi. Ine ndimakonza mawayilesi chapafupi ndi msika wa Kapata. Wayilesi ikachira ndimayenera kuitsegula kuti mwini wake amve yekha kuti ndalama yake sinalowe m'madzi, ndiye zimene mumaulutsa ndimazimva kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndifune ndisafune.

Chandilembetsa kalatayi ndi chizolowezi chimodzi chimene chazika mizu pakati pathu. Nyimbo za oimba akale timazisungira maliro. Wayilesi ikangoliza nyimbo zitatu zotsatizana za munthu mmodzi wachikulire, amayi ogulitsa matimati pafupi ndi benchi langa amasiya kuwerenga chenji n'kuyamba kufunsana kuti, "Kodi watisiya ndani?" Ndipo kawirikawiri amakhala atalondola. Tsiku limenelo woimbayo amamveka mpaka usiku, anthu amaimba mafoni kupepesa, mawa lake n'kumubwezera m'kabati. Ana athu akula akudziwa kuti gitala yopanda magetsi ndi mawu a amuna atatu oimba mogwirizana ndi chizindikiro chakuti kwagwa zovuta. Ine zimenezo ndikuzikana, ndipo ndikufuna kuzikana potchula woimba mmodzi, malemu a Alick Nkhata, amene nyimbo zawo ndikuti n'za nyengo ino ya Seputembala ndi Okutobala, pamene mitengo ikuphuka.

Taonani kalendala ya Okutobala. Pa 18 dziko limapemphera, monga anakhazikitsira mu 2015. Pa 24 timakumbukira ufulu wa 1964, mbendera paliponse, ana a sukulu kuguba dzuwa likuswa mtengo. Pakati pa masiku awiriwa pali 19, tsiku limene a Nkhata anaphedwa mu 1978 ku Mkushi, kumene anali ndi munda wawo. Asilikali a Rhodesia ya Ian Smith analowa m'dziko muno ndi ndege kudzaphulitsa misasa ya omenyera ufulu a ku Zimbabwe, a mbali ya a Joshua Nkomo, ndipo moto umenewo unapeza munthu amene anali atapuma kale ntchito n'kupita kukagwira khasu. Tsiku limeneli limangodutsa. Sindikupempha tchuthi china ayi. Matchuthi tili nawo okwanira, komanso ine tsiku la tchuthi sindipeza ya ndiwo.

Wina anena kuti munthu wobadwira ku Kasama mu 1922 akutikhudza bwanji ife a kum'mawa. Wofunsa chotero sanakhalepo pabwalo madzulo wayilesi ili imodzi mudzi wonse. A Nkhata anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma, monganso anachitira azigogo athu ambiri a kuno. Atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene ankayenda m'midzi ya m'mayiko ano ndi makina ojambulira mawu. Kenako analowa ntchito ku wayilesi ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsira anthu akuda a mayiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, amene lero ndi Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake, ndipo a Nkhata ankaimba m'Chibemba ndi m'Chinyanja momwe. Mawu awo ankafika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, n'kudumpha malire a Mwami kukamveka kwa abale athu a ku Malawi popanda chiphaso. Msewu umene pali likulu la ZNBC, wayilesi ya boma, ku Lusaka lero umatchedwa dzina lawo. Amaminibasi amalitchula tsiku ndi tsiku, koma mutawafunsa kuti mwini dzinalo ankachita chiyani, ambiri angakuuzeni kuti anali nduna.

Pano ndiloleni ndilowe m'ntchito yanga, chifukwa nkhani ya a Nkhata singalekanitsidwe ndi kawayilesi kamene kanawabweretsa m'nyumba zathu. Kanatuluka mu 1949. Amene anakalimbikira ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, ndipo kampani ya mabatire ya Ever Ready ndi imene inakapanga. Thupi lake linali lozungulira, lachitsulo chopepuka chimene amapangira mapoto, n'chifukwa chake ankakatcha Saucepan Special. Kanali kabuluu. M'kati munali mavavu anayi, timababu tagalasi tokuza mawu, kumbuyo kunali kasefa kotsekereza mphemvu ndi chiswe, ndipo batire lake linali chimtolo cholemera chimene wayilesiyo inkakhalapo. Mtengo wake unali mapaundi asanu, batire kugula padera. Bambo anga, amene ankasankha fodya pa esiteti ina kunja kwa tauni, anasunga ndalama mpaka anakagula. Pamene ine ndimayamba kuzindikira zinthu kanali katakalamba, utoto utakanika, koma ndi wayilesi yoyamba imene ndinaona m'mimba mwake, bambo atatsegula kuti apukute fumbi. Ankaitsegula madzulo okha posunga batire. Waya wa mlongoti ankaukoleka pamtengo wa mango. Anthu ankabwera ndi timipando tawo, ndipo mwana wosokosa ankathamangitsidwa kukagona.

Chimene anthuwo ankabwerera sichinali nkhani za Bwanamkubwa. Ankabwerera kudzamva nyimbo zimene anali kuzidziwa kale zikutuluka m'chitsulo. Luso la a Nkhata linagona pamenepo. Ankatenga nyimbo ya kumudzi, ya pamtondo kapena ya pamowa, n'kuikonza kuti iyende ndi gitala, mawu a anzawo n'kumayala pansi, osaiphwanya msana. Pena ankapeka zawo zonena za moyo wa m'tauni, za mwamuna wopita kumigodi n'kuiwala kwawo, za mavalidwe atsopano, za chikondi chodalira malipiro a pamwezi. Ankadzudzula akumwetulira, moti wodzudzulidwayo ankavina nawo. Pambuyo pake anaimba ndi gulu la Lusaka Radio Band, ndipo nthawi yomenyera ufulu mawu awo anali kumbali ya anthu. Atakwera n'kukhala mmodzi wa akuluakulu a nyumba youlutsira mawu, khutu lawo linali likadali kumudzi.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikuti nyimbo zawo n'za nyengo ino? Tulukani panja muone. Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti, a ku Mkaika akangomaliza Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, dziko limasintha mvula isanagwe n'dontho lomwe. Tchire lapsa, pansi pali bii, akamvulumvulu akunyamula mapepala pamsika, koma mukayang'ana mapiri ozungulira Chipata, Kanjala ndi anzake, mitengo ya mombo yavala masamba atsopano, ofiira, ena ngati a chikasu, kenako n'kubiriwira. Palupsa patuluka msipu, ng'ombe zikuthamangira komweko. Mango amanga timapwiti, ana ayamba kale kutigenda n'kumadya ndi mchere. Masuku ali panjira. Nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa. M'minda anthu akusosa, akuotcha mapesi, akukonza mizere, maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. M'matumba mulibe kanthu, ya chimanga inatha kapena sinabwere, feteleza akufuna ndalama, komabe aliyense ali ndi chiyembekezo cha chaka chatsopano cha ulimi. Nyengo yotere imafuna nyimbo zopepuka, zokhala ndi nthabwala pang'ono ndi nkhawa pang'ono, zimene munthu angaimbe nawo khasu lili m'manja. A Nkhata ankaimba zotero.

Nyengo zina zili nazo kale nyimbo zake, ndipo palibe amene amasokoneza. Disembala ndi wa makwaya ndi Khirisimasi. Febuluwale ndi wa ngoma ya Angoni, pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni ilawa zam'munda ku Mtenguleni pa Nc'wala. Ogasiti ndi wa ng'oma za gule wamkulu. Koma Seputembala ndi Okutobala taziponya kwa aliyense amene wabwera ndi flash, kachipangizo kosungira nyimbo. Sabata ya ufulu ikafika, nyimbo zake zimakhala zomwe zija zinayi kapena zisanu, kubwerezabwereza mpaka munthu kuyamba kudana ndi dziko lako lomwe. Sindikuzinyoza, zina mwa izo zimandigwetsa misozi. Koma ufulu sunabwere ndi nyimbo zoguba zokha. Unabweranso ndi munthu wakuda atakhala kutsogolo kwa maikolofoni ku Lusaka, akuimba m'chilankhulo cha amayi ake, azungu akumuyendetsera makina.

Mutandipatsa mpando wanu tsiku limodzi, m'bandakucha sindingayambe ndi gitala ayi. Ndingayambe ndi amayi a pamtondo. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti m'nyengo yotentha kusinja kunkayamba kusanache, pothawa dzuwa, ndipo misi iwiri kapena itatu ikamagwa mosinthana mumtondo umodzi, nyimbo inkabadwa yokha. M'nyimbo zimenezo mkazi ankanena zimene sakanatha kunena pamaso pa apongozi: mwamuna waulesi, mkazi mnzake wa pamitala, mwana amene anapita ku Halale osalemba kalata. Mudzi wonse unkamva, wolakwa n'kudzidziwa yekha, popanda kupita kwa anyakwawa. Lero chigayo chadya zonsezo. Sindikulira chigayo, msana wa mayi anga unapumulako nacho, koma chigayo sichiimba. Dzuwa likakwera, nthawi imene anthu ali m'minda ndi timawayilesi ta m'foni m'thumba, pamenepo ndiye pa a Nkhata ndi anzawo a magitala ndi mabanjo. Masana a Okutobala, pamene ngakhale anyamata a njinga zonyamula anthu abisala pansi pa mitengo, ikani kalimba, munthu mmodzi ndi zala zake ziwiri. Madzulo kukazizira, mwezi ukawala, chitelele ndi chimtali, nyimbo za atsikana owomba m'manja. Usiku ndi wanu, ikani za ana a lero mmene mungafunire, ine ndimakhala nditagona.

Ndiponyepo mawu amodzi a ntchito. Masipika ambiri amene amabwera pabenchi langa miyezi ino amakhala atapsa koyilo. Eni ake amati ndi magetsi. Nthawi zina ndi magetsidi, koma kawirikawiri ndi besi. Nyimbo zambiri za masiku ano amazipanga pakompyuta, kugunda kwapansi kuli kodzaza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda popumira. Munthu amakweza mpaka pamapeto, kunja kukutentha, kasipika kotchipa kali padzuwa pashopu, koyilo n'kutentha mpaka kununkha. Ine ndimadyerapo, ndiye sindiyenera kudandaula kwambiri. Ndikungonena kuti nyimbo yakale ija, yojambulidwa ndi maikolofoni imodzi, imamveka bwino ngakhale pakawayilesi ka mabatire awiri, chifukwa oimbawo ankadziwa kuti womvera wawo ali ndi kapoto kabuluu, osati chimkuzamawu cha m'bala.

Mdzukulu wanga wina, amene amathandiza anthu kulowetsa nyimbo m'mafoni pamsika pomwepa, anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Agogo, zimenezo palibe amene amazifunsa." Akunena zoona. Koma munthu amafunsa chimene anachimvapo. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawayilesi zikhale za m'dziko muno. Ena anang'ung'udza, koma m'zaka zomwezo magulu a anyamata a magitala amagetsi anachuluka, mbale zinadindidwa ku Ndola, ndipo lero azungu akuzifunafuna mbale zimenezo n'kumazidindanso kwawo. Sindikufuna lamulo lina, za malamulo zinapita ndi chipani chimodzi. Ndikungoti khutu limaphunzitsidwa. Nyimbo za a Nkhata zinasonkhanitsidwa n'kutulutsidwanso ku London mu 1991, ndipo zina zikupezeka pa intaneti. Ngati munthu wa ku London anaona kuti n'zoyenera kuzisunga, wa ku Mchini kapena ku Nabvutika angalephere bwanji kuzikonda atazimva kawiri katatu dzuwa likutuluka?

Komabe kuliza nyimbo zawo ndi theka chabe la pempho langa. Theka linalo ndi lolemera. A Nkhata sanatchuke chifukwa cha mawu okoma okha. Anali munthu wopita kumene kuli nyimbo n'kukazitenga. Ntchito imene iwo ndi Tracey ankaigwira ndi galimoto yodzaza makina, lero mtolankhani aliyense angaigwire ndi foni ya m'thumba. Amayi amene anasinjapo akuimba akadalipo, koma ndi okalamba, ndipo chaka chilichonse timaika ena m'manda pamodzi ndi nyimbo zawo. Ali kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Mwangala, kwa Chanje. Kuchigwa kwa Akunda aliko, kwa Ansenga ku Petauke aliko, kwa Atumbuka ku Lundazi aliko. Nyengo yabwino yowapeza ndi ino yomwe, misewu ikadali youma, ntchito ya kupalira isanawagwire. Mvula ikangoyamba, simudzapeza munthu pakhomo, ndipo galimoto yanu idzatitimira pa dambo loyamba.

Mukapita, pitani mwaulemu. Yambani mwaonekera kwa amfumu. Musafike ndi kunena kuti "Gogo, imbani tijambule" ngati mukugula nkhuku. Khalani pansi, mulonjeredwe, mufotokoze kumene nyimboyo ikupita. Pali nyimbo za kudambwe ndi za m'chinamwali zimene si za pawayilesi, ndipo eni ake akakana musakakamize. Gule wamkulu analembedwa ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, koma zimenezo sizinatsegule chitseko chilichonse. Lembani dzina la woimba, mudzi wake, mfumu yake ndi tsiku. Poulutsa mutchule dzinalo. Ndaona ndi maso anga mmene nkhope ya munthu imasinthira akamva dzina la mudzi wake pawayilesi imene ndangomukonzera. Ndipo woimba wa lero akatenga nyimbo ya gogoyo n'kuiika pa kompyuta, n'kupeza nayo ndalama, akumbuke njira yobwerera kumudziko ndi kathumba ka shuga ndi chitenje, ngakhalenso zoposa pamenepo. Za malipiro a eni nyimbo kuli bungwe la ZAMCOPS, ndipo mabanja a oimba amene anatisiya ayenera kulandira gawo lawo nyimbo zikamalira.

Kulinso nyimbo zathu zimene zili kutali. Zimene Tracey anajambula zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. M'menemo muli mawu a Achewa amene anaimba azigogo athu ali anyamata. Kulemba kalata yopempha kuti mumveko ndi kuulutsako sikufuna pasipoti. Mwina ku Katete kuli munthu amene angazindikire nyimbo imene amayi ake ankaimba, n'kuimaliza pamene makinawo anadukizira.

Ku Lusaka nakonso kuli matepi akale a wayilesi ya boma. Monga munthu wa ntchito imeneyi ndikudziwa chimene kutentha ndi chinyezi zimachita patepi: imamatirirana, imachita nkhungu, utoto wake wofiirira umayoyoka n'kutsalira pamutu wa makina, mawu n'kupita osabwereranso. Makina oilizira nawonso akusowa, malamba ake sapezekanso m'masitolo. Aphungu athu a kum'mawa akamakambirana za ndalama za chikhalidwe, afunseko za kusamutsira matepi amenewa pa kompyuta. Ndi ntchito yosaoneka, palibe riboni yodula, koma mtengo wake sungafike pa wa kilomita imodzi ya tara.

Kwa owerenga anzanga, m'nyumba zambiri muno muli chuma chimene mukuchiyesa zinyalala. Pamene mukusesa ndi kufolera madenga pokonzekera mvula, mupeza masutikesi a malemu bambo kapena agogo. Mukapezamo mbale za galamafoni, musapatse ana kuti aziponyerana. Zolemera zija, za 78, zimasweka ngati mbale yadothi zikagwa. Zopepuka zija zimapindika zikakhala padzuwa kapena pafupi ndi malata. Ziimikeni chilili, musazisanjikize, ndipo muzipukute ndi kansalu kofewa motsata mizere yake, osati ndi palafini monga anachitira bambo wina amene anabwera nazo kwa ine zitawonongeka kale. Makaseti musawayese m'wayilesi imene yakhala zaka osalira, chifukwa kagudumu kake kakauma kamatafuna tepi. Yambani mwazungulitsa ndi bolopeni kuti muone ngati tepiyo ikuyenda. Ikadukira, imalumikizika, musataye. Ndipo ngati kwinakwake ku Chiparamba, ku Kalichero kapena ku Vubwi kuli nyumba imene ikusungabe kawayilesi kabuluu kaja, kaya nkhuku zikuikiramo mazira, mwini wake afunse wokonza mawayilesi wachikulire ku Kapata. Mavavu awiri ndili nawo m'chitini, ndipo ya ntchito sindidzalipiritsa.

Ndine wanu,
Wokonza mawayilesi,
Kapata, Chipata